Lathe Yatsopano Yafika Pakhomo: Kuikhazika Bwino ndi Kupeza Chimene Chikuvuta

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Ino ndi nthawi ya pulogalamu ya ntchito zamanja. Lero tikucheza ndi inu amene mwagula makina a lathe, kapena mukusunga ndalama kuti mugule. Awa ndi makina aja amagwira chitsulo n'kumachizunguza, mpeni uli kuchisema, mpaka patatuluka bushi ya wilibala, shafuti ya chigayo, kapena bawuti wa mazinga amene m'sitolo simungamupeze. Kale makina otere tinkawaona m'mafakitale ndi m'masukulu a ntchito zamanja monga ku Soche, ku Nasawa ndi ku Namitete. Masiku ano ang'onoang'ono okhala pa thebulo akulowa m'magalaja ndi m'zisakasa za kuseri kwa nyumba. Muno mu situdiyo ndili ndi mmisiri amene wakulira pa makina amenewa. Bambo, takulandirani.

MMISIRI: Zikomo mayi. Moni kwa omvera onse.

WOULUTSA: Dandaulo limene timamva kawirikawiri ndi lakuti munthu wagula lathe yatsopano, koma ikusema zokhota, ikulira, ikunjenjemera. Ndiye kuti anamugulitsa makina oonongeka?

MMISIRI: Zimachitika, koma mwa apo ndi apo. Nthawi zambiri vuto limakhala pa zinthu zitatu: pamene makina akhala, mmene mpeni wamangidwira, ndi mmene chitsulo chagwiridwira. Lathe imachoka kufakitale yosamaliza kukonzedwa. Yayenda pa sitima yapamadzi, yatsikira ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, yagwedezeka pa lole ulendo wonse. Ntchito yomaliza ndi ya mwini wake. Ndiye tsiku loyamba musaseme kanthu. Ndi tsiku lotsuka, lokhazika ndi loyeza.

WOULUTSA: Tiyambire pa bokosi pomwe. Lafika pakhomo, titani?

MMISIRI: Choyamba, kunyamula. Lathe yaing'ono kwambiri imalemera makilogalamu pafupifupi 40, ndipo yokulirapo imaposa 100. Kulemera kwake kuli kumtunda komanso mbali ya mota, choncho imagubuduzika mosavuta. Itanani anzanu. Gwirani pansi pa bedi, chitsulo chachikulu chija chimene zonse zimayendapo. Musagwire zogwirira zopukusa, ndipo musagwire ndodo yaitali ya mazinga imene ili kutsogolo kwa bedi. Ikapindika ndodo imeneyo, mazinga onse amene mudzaseme adzakhala olakwika.

Chachiwiri, mudzapeza makina onse atapakidwa mafuta omata, ofiirira. Mafuta amenewo ntchito yake ndi kuteteza dzimbiri panyanja basi, si oyendetsera makina. Tsukani ndi palafini ndi kansalu. Petulo ayi, chifukwa moto wake suchedwa. Potsuka mudzaona timchenga ndi tizinyenyeswa totsalira kufakitale. Mukayendetsa makina tisanachoke, timakanda njanji za bedi, ndipo chokandika sichibwerera.

WOULUTSA: Tikatsuka tipake chiyani? Ambiri pakhomo ali ndi oyilo wotsala ku galimoto.

MMISIRI: Oyilo wakuda wochoka mu injini musamuyandikize, ali ndi zitsotso zachitsulo. Girisi nayenso pa njanji sayenera, amagwira zinyenyeswa n'kusanduka phala lokwecha chitsulo. Pali oyilo wopangidwira njanji za makina, nthawi zambiri wa nambala 68. Ngati simunamupeze, oyilo watsopano woyera aliyense wa makina ndi wabwino kuposa kusiya pouma. Pakani pang'ono, tsiku lililonse logwira ntchito.

WOULUTSA: Nanga malo oikapo?

MMISIRI: Apa mpamene pagona nkhani. Thebulo likhale lolemera, la matabwa ochindikala kapena la zitsulo zowotcherera, lokhala pa simenti, losagwedera ngakhale mutalikankha ndi chiuno. Denga likhale losadontha. Malata amachita thukuta m'mawa, makamaka nyengo ya mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo dontho limodzi pa bedi limasiya dzimbiri usiku umodzi wokha. Gilayinda yonolera ikhale patali, chifukwa fumbi lake ndi mchenga wolimba kuposa chitsulo cha bedi. Mukaweruka, vundikirani makina ndi nsalu.

Tsono mvetserani bwino ichi. Bedi la lathe limaoneka lolimba, koma limapotoka. Ganizani mayi akufinya chitenje chonyowa, dzanja lina kuno, lina uko. Mukamanga mabawuti a miyendo ya lathe pa thebulo losalingana, mukuchita zomwezo ku bedi, kungoti mwapang'ono kwambiri moti diso silingaone. Diso siliona, koma chitsulo chimene mwasema chimaonetsa: mbali ina chonenepa, mbali ina chowonda.

WOULUTSA: Ndiye levulo ya amisiri omanga nyumba ingathandize?

MMISIRI: Ingakuthandizeni poyambira. Iikeni mopingasa bedi kufupi ndi chuck, chogwirira chitsulo chija, kenako kumapeto kwa bedi. Kathovu kakhale pamalo amodzimodzi mbali zonse ziwiri. Chofunika kwenikweni ndi chakuti mbali ziwirizo zigwirizane. Lathe imagwira ntchito bwino ngakhale m'sitima yoyenda panyanja, mmene mulibe pansi polingana, bola bedi lisapotoke. Koma levulo ya omanga nyumba siona zinthu zing'onozing'ono. Woweruza weniweni ndi chitsulo chosemedwa, ndipo tifikako tikamaliza za magetsi.

WOULUTSA: Eya, magetsi. Kuno kwathu imeneyo ndi nkhani payokha.

MMISIRI: Musanalowetse pulagi, werengani kachitsulo kolembedwa pa mota. Magetsi a m'nyumba ku Malawi kuno ndi a mavoti 230, pa 50 hertz. Makina opangidwira ku America ambiri ndi a mavoti 110 kapena 120. Mukawalowetsa mu soketi yathu, apsa nthawi yomweyo. Makina akuluakulu ogwiritsidwapo kale ntchito, monga amene ena amagula ku Joni, ambiri amafuna magetsi a three phase a mavoti 400, pamene nyumba zambiri zili ndi single phase. Zikatero pamafunika kabokosi kotchedwa VFD kogwirizana ndi motayo, kapena kusintha mota, ndipo imeneyo ndi ntchito ya katswiri wa zamagetsi.

Waya wa earth asasowe. Makina onse ndi chitsulo, inu mwaima pa simenti, mwina yonyowa. Zolowetsa mawaya opanda pulagi mu soketi n'kutsinira ndi timitengo, pa lathe musayerekeze.

WOULUTSA: Nanga magetsi akathima ntchito ili mkati?

MMISIRI: Bwezani mpeni m'mbuyo, zimitsani switchi, zulani pulagi. Pali zifukwa ziwiri. Makina opanda switchi yodzizimitsa yokha amadzuka okha magetsi akabwera, mwina dzanja lanu lili pa chuck. Komanso lathe zing'onozing'ono zambiri zili ndi kabolodi ka zamagetsi kamene kamasintha liwiro la mota, ndipo kameneka sikapirira magetsi akabwera mwamphamvu. Kugula choteteza magetsi n'kotchipa kuposa kuitanitsa kabolodi kuchokera kunja n'kumadikira miyezi. Pa jenereta, onetsetsani kuti ili ndi AVR, chida chosunga mphamvu ya magetsi kuti isamakwere ndi kutsika.

WOULUTSA: Tiyerekeze kuti zonse zili bwino, munthu wadina batani, koma makina ali zii.

MMISIRI: Musathamangire kumasula mota. Yambani ndi zapafupi. Batani lofiira lija lozimitsira mwadzidzidzi limafika lili lodinidwa, ndipo limafuna kupotokola kapena kutsegula kuti limasuke. Chivundikiro cha chuck chili ndi kaswitchi kobisika, chikakhala chotsegula mota siyaka. Makina ena sayaka pokhapokha kabatani ka liwiro katabwezedwa pa ziro. Ndodo yosankhira kutsogolo kapena kumbuyo ingakhale ili pakati. Zonsezi zikakhala bwino, onani fyuzi. Ikapsa, ikani ina ya nambala yomweyo. Kukulunga waya m'malo mwa fyuzi ndi kupereka mota ku moto.

Ngati mota ikulira koma chuck sikuzungulira, onani lamba, kapena ndodo ya magiya yosankhira liwiro lalikulu ndi laling'ono, mwina sinalowe bwino. Ndodo imeneyi muzisuntha makina ataima. M'makina ang'onoang'ono ambiri magiya ake ndi apulasitiki, mano ake sachedwa kuguluka.

Akayaka, asiyeni azungulire opanda ntchito, pa liwiro lotsika, mphindi 10, kenako kwezani pang'onopang'ono. Mvetserani kulira kwake. Gwirani pamwamba pa maberingi: kufunda n'kwabwino, koma kutentha koti dzanja silingakhalepo ndiye kuti amangidwa mothina kwambiri kapena alibe mafuta.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za kukhazika lathe yatsopano pakhomo. Bambo, tisanayambe kusema, tinenepo za ngozi.

MMISIRI: Lamulo loyamba ndi la kiyi womangira chuck. Kiyi ameneyu akakhala pa chuck, dzanja lanu likhale pa iye. Dzanja likachoka, nayenso achoke. Mukayatsa makina iye ali pomwepo, amauluka ngati mwala wa legeni, ndipo nkhope yanu ndiyo ili pafupi. Chachiwiri, chilichonse cholendewera chimakokedwa: malaya a manja aatali, mpango, chitenje, tsitsi lalitali, mphete, wotchi. Magolovesi pa lathe ndi oletsedwa, chifukwa akakodwa amapita ndi dzanja. Valani magalasi oteteza maso. Zinyenyeswa zachitsulo n'zakuthwa, zichotseni ndi bulashi makina ataima. Sandipepa musamukulunge ku zala. Ndipo popeza ndi pakhomo, chitseko chizikhala chokhoma, pulagi yozula, ana asafikeko.

WOULUTSA: Tsopano mpeni. Munati ndi chimodzi mwa zinthu zitatu zija.

MMISIRI: Nsonga ya mpeni iyenera kukhala pakati penipeni pa chitsulo chimene chikuzungulira, osakwera, osatsika. Ikakwera, mpeni umangokhula osadya. Ikatsika, chitsulo chimafuna kukwera pamwamba pa mpeni, ndipo ungathyoke. Kuyeza kwake n'kosavuta. Makina ali chozima, tengani rula yachitsulo yopyapyala, muipanikize pang'ono pakati pa nsonga ya mpeni ndi chitsulo chobulungira chimene chili mu chuck. Rula ikaima chilili, mpeni uli pakati. Mutu wa rula ukapendekera kutali ndi inu, mpeni wakwera. Ukapendekera kwa inu, mpeni watsika, ikani timalata topyapyala pansi pake. Umboni wina mudzauona mukasema kumaso kwa chitsulo: pakatsala kachiphuphu pakati, mpeni sunafike pakati.

WOULUTSA: M'bokosi ena amapezamo mipeni ya timano tosintha. Ndi yabwino kuposa yonola?

MMISIRI: Timano ta carbide ndi tolimba, koma timafuna makina amphamvu, olemera, othamanga. Pa lathe yaing'ono, mpeni wa chitsulo cha HSS wonoledwa bwino umasema mosalala, ndipo ukabuntha mumangounola nokha pa gilayinda. Kano ka carbide kakabenthuka, n'kogula kena, mwinanso koitanitsa kunja. Wophunzira ayambe ndi HSS.

WOULUTSA: Liwiro timalidziwa bwanji?

MMISIRI: Chitsulo chikanenepa, liwiro litsike. Pa chitsulo wamba chofewa, ndi mpeni wa HSS, tengani 9,500 mugawe ndi kunenepa kwa chitsulo m'mamilimita. Cha mamilimita 10 chizizungulira pafupifupi ka 950 pa mphindi. Cha mamilimita 25, ka 380. Cha mamilimita 50, ka 190. Aluminiyamu amalola kuwirikiza kawiri kapena katatu. Zinyenyeswa nazo zimakuuzani: zikayamba kutuluka za buluu pa mpeni wa HSS, mwathamangitsa, mpeni ukupsa. Tsitsani liwiro, donthezani oyilo.

WOULUTSA: Tifike tsono pa kuyeza kuja munati woweruza ndi chitsulo.

MMISIRI: Tengani chitsulo chofewa kapena aluminiyamu wonenepa mamilimita 25 kapena kuposerapo. Mangani mu chuck, atuluke mamilimita 100, kumapeto osachirikiza ndi kanthu. Semani pakati kuti pawonde, musiye timikombero tiwiri, kena kufupi ndi chuck, kena kunsonga. Kenako ndi mpeni wakuthwa, dyani pang'ono kwambiri pa timikombero tonse tiwiri paulendo umodzi, osakhudza chopukusira cholowetsa mpeni. Yezani ndi micrometer, kapena veniya yabwino. Tikafanana, bedi lili bwino. Kakunsonga kakanenepa, ikani kalata kopyapyala pansi pa mwendo wa kumanja, mbali ya kutsogolo kumene mwaima. Kakawonda, kalatako kapite mbali ya kumbuyo. Chitini cha zakumwa zoziziritsa kukhosi chimathandiza, chifukwa lata lake ndi lopyapyala pafupifupi mamilimita 0.1. Mangani mabawuti, semaninso, yezaninso. Zimatha kutenga masana onse, koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

WOULUTSA: Ena amati bedi analikonza, koma akasema shafuti yaitali imatulukabe mbali ina yonenepa.

MMISIRI: Pamenepo wolakwa ndi tailstock, chija chimakhala kumanja chochirikiza chitsulo chachitali ndi nsonga yake. Chimatha kusuntha chammbali. Ikani nsonga ina ku chuck, muyandikizitse nsonga ziwirizo, pakati pake mupanikize lezala. Lezala likaima mowongoka, zakumana. Likapotoka, zaphonyana. Posema, ngati mbali ya tailstock yanenepa, isunthireni kwa inu. Ngati yawonda, ikankhireni kutali. Musunthe theka la kusiyana kumene mwayeza: kusiyana kukakhala mamilimita 0.2, sunthani 0.1. Chifukwa chake n'chakuti pa lathe chilichonse chimawirikiza kawiri. Mpeni ukalowa milimita 1, chitsulo chimawonda mamilimita 2, poti ukudya mbali zonse. Ophunzira ambiri amataya zitsulo poiwala zimenezi.

WOULUTSA: Nanga kulira kuja kolasa m'makutu, chitsulo n'kutuluka ndi mizeremizere?

MMISIRI: Kumeneko ndi kunjenjemera, ndipo kumatanthauza kuti penapake pali polobodoka. Funsani mafunso awa motsatana. Kodi chitsulo chatuluka kwambiri mu chuck? Kupatula pa kuyeza kwa timikombero kuja, chisapitirire katatu kunenepa kwake popanda kuchirikiza: cha mamilimita 20 chituluke 60 basi, kupitirira apo boolani kabowo kumapeto, muchirikize ndi tailstock. Kodi mpeni watuluka kwambiri pomangira pake? Ubwezeni, utuluke pang'ono pokha. Kodi ndi wakuthwa, uli pakati? Kenako tsitsani liwiro. Zikapitirira, gwedezani ndi dzanja zotsetsereka zimene zimanyamula mpeni. Zikamagwedera, m'mbali mwake muli timasikuluwu tokankha kachitsulo kotchedwa gib. Mangani pang'onopang'ono, kamodzikamodzi, mpaka kugwedera kutatha koma chopukusira chikuyendabe mosavuta, ndiye mutseke ndi manati ake.

Onaninso chitsulo chimene mukusema. Zitsulo zomangira nyumba zija za mizere zili ndi malo ena olimba ena ofewa, sizisemeka mosalala. Shafuti yakale ya galimoto yotola ku sikirapu ndi yowumitsidwa, imabunthitsa mpeni nthawi yomweyo. Iyeseni ndi tupa: tupa ikamangoterereka osadya, mpeni wa HSS nawonso sudya.

WOULUTSA: Pali amene amadandaula kuti chopukusira chimazungulira pang'ono mpeni usanayambe kusuntha. Ndi chilema?

MMISIRI: Ayi, lathe iliyonse ili nako kampata kameneko pakati pa mazinga ndi nati wake. Mankhwala ake ndi chizolowezi. Nthawi zonse fikani pa nambala yanu kuchokera mbali imodzi. Mukapitirira, bwererani kwambiri, kenako mulowenso. Mukangobweza pang'ono, nambala isintha koma mpeni ukhala pomwepo.

WOULUTSA: Ndiye chuck yomwe? Ena amati chitsulo chimavina.

MMISIRI: Chuck ya mano atatu sigwira pakati ndendende. Kuphonya kwa mamilimita 0.05 mpaka 0.1 n'kwachibadwa. N'chifukwa chake timamaliza zonse zofunika kusema tisanamasule chitsulo. Koma chikamavina moonekera, pali zinthu ziwiri. Mwina kanyenyeswa katsakamira kumbuyo kwa chuck pamene imakhalira: masulani, pukutani, bwezerani. Mwinanso mano ake anazulidwa n'kubwezedwa mosokoneza. Ali ndi manambala 1, 2, 3, mipata yake nayonso chimodzimodzi, ndipo amalowa motsatira manambalawo. Pomasula chuck, yalani thabwa pa bedi kuti ikapulumuka isaphwanye njanji kapena zala. Pa makina akale amene chuck yake imalowa ndi mazinga, samalani poyendetsa chobwerera m'mbuyo, imatha kumasuka yokha.

WOULUTSA: Ndi liti pamene tinganene kuti apa ndiye vuto ndi la makina, abwezedwe kwa wogulitsa?

MMISIRI: Mukaona mng'alu pa bedi kapena pa mutu wa makina. Mukaona kuti shafuti yaikulu yonyamula chuck ikuvina yokha, chuck itachotsedwa. Mota ikamanunkha kupsa isanagwire ntchito. Zotere jambulani pafoni tsiku lomwelo, sungani lisiti ndi bokosi, ndipo musamasule kanthu wogulitsa asanaone. Zina zonse n'zokonzeka pakhomo, bola mutsate lamulo limodzi: sinthani chinthu chimodzi, semani, yezani, lembani m'kope. Mukasintha liwiro, mpeni ndi miyendo nthawi imodzi, zikakhala bwino simudziwa chimene chathandiza, zikaipa simudziwa pobwerera. Patapita mwezi umodzi bwerezani kuyeza kwa timikombero kuja, chifukwa thebulo la matabwa limafufuma nthawi ya mvula n'kuuma m'chilimwe, ndipo bedi limatsatira.

WOULUTSA: Kwa amene sanagwirepo lathe chibadwire, mungawauze chiyani?

MMISIRI: Wailesi ingakuuzeni zoyenera kuyang'ana, koma dzanja limaphunzira pambali pa dzanja lina. Pezani mmisiri wa makina amenewa m'dera lanu, mumulipire tsiku limodzi adzaime nanu pokhazika. Kapena funsani ku TEVETA ndi ku sukulu ya ntchito zamanja imene muli nayo pafupi za maphunziro a ntchitoyi. Ntchito za makasitomala muyambe kulandira pamene mwatha kusema zitsulo ziwiri zofanana kunenepa, mwadala, osati mwamwayi.





WOULUTSA: Omvera, sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzakamba za kunola mpeni wa lathe pa gilayinda, ndi kusema mazinga oyamba. Mudzakhale ndi kope ndi cholembera pafupi, chifukwa padzakhala manambala a magiya oti mulembe. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)